Kalata yotseguka kwa Pulezidenti Arthur Peter Mutharika pa nkhani ya nyengo, makala ndi utsi

Olemekezeka Bwana Pulezidenti,

Landirani mafuno anga abwino pa udindo umene Amalawi anakubwezerani pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Ndikudziwa kuti mwapeza mavuto ali mbwee: chimanga chikusowa m'nyumba zambiri, feteleza wakwera mtengo, mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja nazo n'zosowa. Palibe munthu woganiza bwino amene anganene kuti zimenezi ziyambe zadikira. Chandilembetsa kalatayi ndi mantha akuti nkhani ya kusintha kwa nyengo ikankhidwiranso kumapeto, n'kumaonedwa ngati ya akatswiri opita ku misonkhano ya kunja, pomwe njala imene mukulimbana nayoyi gwero lake lina ndi lomweli.

Inu simukufunika kuuzidwa ndi munthu za ukali wa nyengo ya masiku ano. Mu Januwale 2015, musanathe n'chaka chomwe pa mpando, madzi anasefukira mpaka munalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, anthu oposa 6 miliyoni n'kumadalira chakudya cha thandizo. Mu Malichi 2019 kunali namondwe Idai. Mutachoka m'boma mavutowa sanaleke. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Gombe anatsatira patangodutsa milungu yochepa. Kenako mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ali m'nyumba zawo. Ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi kuchigwa cha Shire midzi ina inakokoloka yonse. Omwalira ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasiya makomo awo. Tisanapume, ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu 2024. Akuluakulu a ku Phalombe amakumbukira napolo wa 1991 ngati chinthu chimene munthu amachiona kamodzi pa moyo wake. Lero mwana wa sitandade 5 ku Nsanje wagonapo kale mu tenti kapena m'kalasi kangapo konse, mabuku ake atapita ndi madzi.

Zoona zake n'zakuti utsi umene watenthetsa dziko lapansi si wathu. Ziwerengero zimene boma linapereka ku United Nations mu 2021 zikuti m'chaka cha 2017 Malawi anatulutsa matani oposa pang'ono 9 miliyoni a mpweya wotenthetsa dziko. Mukagawa ndi chiwerengero cha anthu, aliyense akupeza pafupifupi theka la tani, pomwe munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa 14 pa chaka. Choonadi chimenechi tizichinena mosaopa kulikonse, ndipo ndimanyadira kuti Mmalawi, a Evans Njewa, anatsogolera gulu la mayiko osaukitsitsa pa zokambirana za nyengo. Koma pali chinthu chimodzi: matani 9 miliyoni aja sawerengera mpweya wochokera ku kutha kwa nkhalango. Mbali imeneyo ndi yathu, ndipo palibe mlendo amene tingamuloze chala. Mvula ya Freddy inachokera kunyanja yamchere, koma mapiri amene inawapeza atatsala miyala yokhayokha tinawameta ndi nkhwangwa zathu.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo, komanso kundiwawa, n'chakuti malamulo ofunika alipo kale, ndipo ambiri anapangidwa ndi boma lanu lomwe. Ndondomeko ya dziko yoyendetsera nkhani za kusintha kwa nyengo inatuluka mu 2016. Mu 2017 Malawi anavomereza pangano la zanyengo la ku Paris, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano losamalira chilengedwe limene linabala bungwe la MEPA, ndipo chaka chomwecho kunatuluka ndondomeko ya zaka 10 yothana ndi vuto la makala. Tinalonjeza dziko lapansi kuti pofika 2030 tidzakhala titabwezeretsa mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni. Msonkho wa kaboni unayamba mu 2019, ndipo mu 2020 aphungu anakhwimitsa zilango m'lamulo la nkhalango. Choncho ndikupemphani kuti musalole zaka ziwiri zoyambirira zithere m'mahotela a kunyanja, akuluakulu akulembanso ndondomeko zatsopano. Ndondomeko ya makala ija ikutha mu 2027. Lonjezo la mahekitala lija likutha mu 2030. Zonse ziwiri zikuthera m'manja mwanu, ndipo amene adzafunsidwe kuti zinatha bwanji ndi inu.

Ndiloleni ndichedwe pang'ono pa makala, chifukwa kuno kwathu utsi waukulu suli m'mafakitale. Uli pa mbaula ndi pa mafuwa. Mabanja oposa 97 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Aliyense amene wadutsapo msewu wa Zalewa m'mamawa waona mzere wa njinga, iliyonse itasenza matumba atatu kapena anayi, mwini wake akukankha pa chitunda thukuta lili kamukamu. Makala amenewo ndi tsanya, mombo ndi muwanga za ku Neno ndi ku Mwanza. Makala ambiri a ku Lilongwe ndi a ku Dzalanyama, nkhalango yomwe ndi gwero la madzi amene mzindawo umamwa. Mu 2015 boma lanu linatumizako asilikali kukalondera. Zinathandiza kwa kanthawi, koma msilikali sangaime pa mtengo uliwonse, ndipo bola m'tauni muli mphika wofunika kupsa, mtengo udzagwa basi.

Ogula makalawa ndife a m'tauni, kuphatikizapo amene tili ndi magetsi m'nyumba. Magetsi akathima nthawi ya chakudya chamadzulo, mayi sangauze ana kuti adikire ESCOM, amakoleza mbaula. Wootcha makala nayenso sachita zimenezi chifukwa chodana ndi mitengo. Kawirikawiri ndi mlimi amene munda wake unakana, ndipo thumba la makala ndi limene limamugulira ndowa ya chimanga ndi yunifomu ya mwana. Pakati pa wootcha ndi wophika pali munthu wachitatu amene sitimutchula mokwanira: mwini lole. Iyeyu ndiye amatola phindu lalikulu, amanyamula matumba mazanamazana usiku, n'kudutsa marodibuloko onse mpaka kufika mumsika. Pamene lamulo lakhwima, amene timamva kuti walandidwa katundu kapena wamangidwa nthawi zambiri ndi wa njinga uja. Lamulo lotere anthu amasiya kulilemekeza, chifukwa amaona ndi maso awo kuti limaluma wosauka yekha. Bwana, lamulani kuti apolisi ndi a zankhalango atsate malole. Lole yogwidwa ndi makala opanda chiphaso ilandidwe monga lamulo likunenera, dzina la mwini wake lilengezedwe kaya ndi wa chipani chiti, ndipo wogwira ntchito m'boma amene wailola kudutsa atalandira kangachepe ayankhe mlandu limodzi naye.

Koma kuletsa kokha sikungaphike nsima. Lamulo limalola makala ootchedwa kuchokera ku mitengo yodzala, ndipo kampani ya Kawandama Hills ku Viphya inaonetsa kuti n'zotheka. Vuto n'lakuti okhala ndi ziphaso ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi njala ya makala ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Gulu la m'mudzi limene ladzala bulugama kapena nsungwi pa malo ake liyenera kupeza chiphaso ku ofesi ya boma lakwawo mosavuta, popanda ulendo wa ku Lilongwe ndi mapepala osatha. Wootcha wa lero uja akaloledwa kuotcha mitengo yodzala yekha, mu uvuni wosawononga nkhuni zambiri, adzakhala woyamba kuteteza nkhalango, chifukwa makala akuba adzakhala akumuphera msika. Gasi naye alowe pa mndandanda wa katundu wofunika pogawa ndalama zakunja, monga mafuta ndi mankhwala, ndipo apezeke m'masilinda ang'onoang'ono amene mayi wogulitsa mandasi ku Ndirande kapena ku Mtandire angathe kudzazitsa ndi ndalama ya tsiku limodzi. Tisaiwale kuti dziko lino linadziikira cholinga chofalitsa mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020, ndipo linakwanitsa. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi lathu lomweli ndi amayi a m'midzi, inafika m'makomo ambiri chifukwa panali cholinga chowerengeka ndi anthu ochitsatira.

Pali malo amodzi pamene boma lingayambire mawa popanda kupempha dziko lililonse: makhitchini ake omwe. Sukulu za sekondale zogonera konko, ndende, ndi malo ena a boma odyetsa anthu ambiri, ochuluka mwa iwo amaphikira nkhuni zobwera pa malole, ndipo ndalama yogulira nkhunizo imachokera ku msonkho wathu. Boma likamagula nkhuni za mitengo yachilengedwe masana, n'kumalanda thumba la makala kwa wa njinga madzulo, mawu ake sakhala ndi mphamvu. Ikani tsiku limene khitchini iliyonse ya boma idzasiye nkhuni zachilengedwe n'kuyamba gasi, magetsi, mabriketi kapena nkhuni za m'munda wa mitengo wa sukuluyo. Chimodzimodzi njerwa. Kuyambira 2018 pali malamulo oti zomanga za boma zisagwiritse njerwa zootcha, koma mauvuni akufukabe ponseponse, ndipo m'madera ena atha ndi mitengo ya mango yomwe, imene inali chakudya cha ana m'miyezi ya njala. Kontilakita wogwiritsa njerwa zootcha pa chipatala kapena sukulu ya boma asalandirenso ntchito ina.

Nkhani ya mitengo ndi nkhani ya magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mapiri akayera, dothi limakokoloka n'kudzaza madamu, namasupuni ndi zinyalala zimatseka makina, magetsi amathima, anthu amagula makala ochuluka, mitengo inanso imagwa. Kuti tituluke m'menemo tikufunika magetsi ochokera kwina. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima ndi a mamegawati 20 ku Golomoti aonetsa kuti dzuwa lathu ndi chuma. Chingwe cholumikiza Malawi ndi Mozambique, kuchokera ku Matambo kufika ku Phombeya, komanso damu la Mpatamanga la mamegawati oposa 350, limene World Bank inavomera kuthandiza mu 2025, ndi ntchito zofunika kuzikankha kuti zisachedwenso, posayang'ana kuti anaziyamba ndani.

Apa ndinene mosabisa za Kam'mwamba. M'ulamuliro wanu woyamba panali ganizo lomanga malo opangira magetsi a malasha a mamegawati 300 kumeneko, m'boma la Neno, malasha ake ochokera ku Moatize. Ndikumvetsa chimene chinakopa boma nthawi imeneyo: dziko linali mu mdima, madzi m'nyanja anali atatsika, ndipo malasha sadalira mvula. Koma zinthu zasintha. Mu Sepitembala 2021 mtsogoleri wa China, a Xi Jinping, analengeza ku United Nations kuti dziko lawo silidzamanganso malo a magetsi a malasha kunja. Mabanki akuluakulu ambiri anasiya kubwereketsa ndalama za ntchito zotere, ndipo amene angavomere adzafuna chiwongoladzanja chokwera. Malasha tidzagula ndi madola amene tilibe, kwa zaka makumi atatu kapena kuposa, pomwe dzuwa sitilipira. Ngati wina angabwere nalonso ganizo limeneli, chonde likaneni.

Tsopano za msonkho wa kaboni. Unabwera mu 2019 ndi mawu akuti wowononga mpweya azilipira, ndipo mfundo imeneyi ine ndimagwirizana nayo. Koma funsani woyendetsa minibasi kapena mphunzitsi amene ali ndi kagalimoto kake kuti ndalama imeneyi inagwira ntchito yanji, sangakulozereni nkhalango, damu kapena chipupa chotchinga madzi ngakhale chimodzi. Msonkho umene anthu saona zipatso zake umabala mkwiyo, ndipo mkwiyowo umagwera nkhani yonse ya chilengedwe. Nduna ya zachuma izinena m'Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse kuti yatolera zingati ndipo zapita kuti. Ndalamazo zikhale m'thumba lapadera, ndipo gawo lina lipite kwa alonda a nkhalango, amene ambiri amayenda wapansi mtunda wautali kukakumana ndi anthu onyamula zikwanje, komanso ku MEPA. Bungwe limeneli silingayeze utsi wa fakitale ku Makata kapena ku Kanengo, ngakhale madzi akuda otayidwa mu Mudi, lilibe anthu okwanira, zipangizo ndi mafuta. Lifunikanso boma loima kumbuyo kwake. Tonse tinaona mmene chiletso cha mapulasitiki opyapyala cha mu 2015 chinazunzikira: khothi la Supreme linachivomereza mu 2019, koma ziletso za kukhothi zinapitirira, zaka pafupifupi 10 n'kutha majumbo akutsekabe ngalande zathu. Poyeza galimoto kuti ilandire chiphaso choyendera pamsewu, utsi wake uziyezedwanso, chifukwa amene amaupuma tsiku lonse ndi mavenda ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu.

Kwabweranso malonda atsopano otchedwa malonda a kaboni. Makampani amalowa m'midzi, n'kugawa mbaula kapena kulemba nkhalango ya mudzi, kenako n'kukagulitsa kunja umboni woti mpweya woipa wachepa. Ganizoli si loipa, ndipo likhoza kubweretsa madola. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mayi amene akuphikira pa mbaulayo, ndi mfumu imene inadinda chala pa pepala, nthawi zambiri sadziwa kuti pagulitsidwa chiyani ndipo pa mtengo wanji. Mapangano onse otere aikidwe poyera. Gawo la mudzi lilembedwe m'lamulo, ndipo lifotokozedwe pa bwalo m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena chilankhulo chilichonse cha eni malowo asanasaine. Tinataya kale mkungudza wa ku Mulanje ndi paini wambiri wa ku Chikangawa anthu a kumeneko akungoonerera malole akutuluka. Zisachitikenso ndi chuma chimene sichioneka n'komwe ndi maso.

Ena adzakuuzani kuti zonsezi zidikire ndalama za mayiko olemera. N'zoona kuti ali nafe ngongole. Lonjezo lathu la mu 2021 likuti pofika 2040 tidzachepetsa mpweya woipa ndi 6 peresenti patokha, ndipo mpaka 51 peresenti ngati tithandizidwa, pa mtengo wa madola oposa 46 biliyoni. Koma taonani mmene thandizolo likuyendera. Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Dubai mu 2023, mayiko onse pamodzi analonjeza madola pafupifupi 700 miliyoni ku thumba lolipira zowonongeka ndi nyengo. Lipoti la boma lathu linati kukonzanso zimene Freddy yekha anawononga m'Malawi muno kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi likungokwana namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono. Mu Januwale 2025 America inayambanso kutuluka m'pangano la ku Paris, ndipo ntchito za USAID, zina mwa izo zoteteza nkhalango zathu, zinatsekedwa. Pitirizani kutumiza nthumwi kukamenyera ufulu wathu, ndipo zikalankhule molimba. Koma makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndondomeko ya dziko imangidwe pa zimene tili nazo m'manja: malamulo athu, msonkho wathu, makhitchini athu, mafumu athu.

Lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi limene linadutsa mu 2023 likupatsa boma mphamvu yoletsa anthu kukhala malo oopsa. Mphamvu imeneyo igwiritsidwe ntchito mwachifundo. Munthu amene wabwerera m'mbali mwa phiri la Soche kapena m'dambo la Shire akudziwa bwino kuposa ife kuti malowo amapha. Wabwerera chifukwa alibe kwina. Mupatseni puloti, mjigo, sukulu ndi munda, adzasamuka yekha. Uthenga wa a zanyengo nawo uzifika m'chilankhulo chomveka, pa wailesi za m'madera ndi pa foni, ndipo pakhale malo okwera odziwika kumene anthu angathawireko.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva za mamiliyoni a mbande zodzalidwa. Chiwerengero chimene dziko likufuna ndi cha mitengo imene yapulumuka pofika Okutobala, itadutsa m'chilimwe, mbuzi, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Ma DC ndi mafumu aziyamikiridwa potengera chiwerengero chimenecho. Komanso m'malo ambiri sipafunika mbande n'komwe. Zitsa za mitengo yachilengedwe zili ndi moyo pansi, ndipo mudzi ukagwirizana kuti pa phiri lakutilakuti pasalowe nkhwangwa ndi moto, mphukira zimasanduka nkhalango pa zaka zochepa. Midzi ina yachita kale zimenezi ndi malamulo ake a m'mudzi. Imangofuna kuti apolisi ndi makhothi aziikhalira kumbuyo munthu wamphamvu akabwera ndi macheka ake.

Bwana Pulezidenti, sindikupempha unduna watsopano kapena msonkhano wina. Ndikupempha kuti mu bajeti yanu yoyamba yathunthu tione mzere wa ndalama za msonkho wa kaboni ndi kumene zikupita, tione tsiku limene makhitchini a boma adzasiye nkhuni za m'nkhalango, ndipo chaka chisanathe timve kuti mwini lole ya makala, osati wa njinga, waima pamaso pa woweruza. Mphamvu yolamula zimenezi muli nayo lero, ndipo malamulo ake munasaina ndinu. Chonde agwiritseni ntchito namondwe wina asanatipeze.

Ine wanu mwaulemu,

Nzika yokhudzidwa,
Blantyre